Adyo wa amayi

Bambo anga anali munthu wonenepa, ndipo kwathu kunenepa kunali ulemu. Anali kalaliki wa boma ku Furancungo. Akamadutsa pamsika, mimba ili patsogolo, anthu ankati akazi awo amadziwa kusamala mwamuna. Amayi ankanyadira nazo, nanga ndani sakanatero?

Nkhondo itafika povuta, bambo anayamba kupuma wefuwefu pokwera kachitunda ka kuntchito, chifuwa chikuwathina. Enferimeyiro, namwino wa pachipatala, anawapima n'kuwauza kuti akuona ngati mafuta achuluka m'magazi. Anatchula dzina lake, kolesiteroli, ndipo ananena mosapita m'mbali kuti akapanda kusamala mtima udzangoima. Mapiritsi kunalibe. Koluna, mdipiti wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali, inkabwera mwa apo ndi apo, nayonso yopanda kanthu kwenikweni. Enferimeyiroyo anangowauza kuti asiye nkhumba, achepetse mchere, azitafuna adyo wosaphika ndi kumwa madzi owiritsa a masamba a mapeyala.

Amayi anazigwira ngati lamulo la kutchalitchi. Analima bedi la adyo kuseri kwa nyumba, ndipo m'mawa uliwonse ankaimirira pambali pa bambo mpaka ameze. Bambo ankadandaula kuti akununkha ngati khitchini ya Mpwitikizi, ife ana tikuseka. Koma chifuwa chija chinayamba kumasuka. Thalauzi linayamba kugwa, mpaka amayi anaboola lamba wawo ndi msomali wamoto kuti awonjezere bowo.

Ndiye kunabwera azakhali, alongo awo aakulu a bambo, kuchokera ku Ntengo-Wambalame. Atangowaona anakhala pansi n'kuyamba kulira ngati afika pamaliro. Ankati mlongo wawo anachoka kumudzi ali ndi thupi, lero watsala makutu okha. Atapeza mphika wa masamba pamoto, basi, nkhani inatha: mkazi akumudyetsa mwamuna mankhwala. Amayi anafotokoza za enferimeyiro, koma azakhali anayankha kuti chibadwire sanamvepo kuti munthu wadwala chifukwa chodya bwino.

"Mlamu, ngati mwatopa naye, ndipatseni ndikamudyetse kwathu," anatero.

Ofesi ya bambo inali itatsekedwa kale chifukwa cha nkhondo. Bambo sakanatha kuwakanira alongo awo aakulu, komanso, tinene zoona, nkhumba anali ataisowa. Pamenepa mpaka lero ndimawakwiyira bambo. Anakwera koluna ndi azakhali. Amayi anawamangira adyo m'kansalu, koma galimoto itachoka tinakapeza kansaluko kali pawindo.

Amayi sanalire. Anangoti mankhwala aiwalika, tiwatumiza ndi koluna yotsatira. Koluna yotsatirayo sinabwere, chifukwa msewu unali utakwiriridwa mabomba. Miyezi inapita, uthenga osamveka. Adyo wina atakhwima, amayi anakumba yense, n'kumuumitsa, n'kumumanga m'chitenje pamodzi ndi masamba a mapeyala. Ana aang'ono anawasiya kwa anansi, ine monga wamkulu ananditenga.

Tinayenda masiku angapo m'tinjira ta m'tchire, tikuzemba anthu a mfuti, tikudya mbatata zotsalira m'minda yosiyidwa. Mvula ikamagwa amayi ankabisa mtolo uja m'kati mwa bulauzi, iwo n'kumanyowa. Njira yonse ankangondiuza momwe akawanyengerere azakhali, kuti sakakangana nawo, akangopempha kuti nkhumba ikhale ya pa Sabata pokha.

Tikutsikira m'mudzimo tinamva nyimbo, ndipo panjira yolowera kwa azakhali panali poyalidwa masamba. Amayi anaima. Ine ndinawagwira dzanja.

Bambo anali atagwa dzulo lake ali kudimba, atagwira pachifuwa. Atativundukulira nkhope ndinaona kuti masaya abwerera, khosi ladzaza. Azakhali, maso ali psuu ndi kulira, ankauza aliyense wofika kuti angakhale wapita, wapita ali ndi thupi lake. Anamuphera nkhumba ziwiri pa nthawi ya nkhondo, pomwe ena ankagona ndi njala. Sindinganame, ankamukonda mlongo wawoyo, ndipo ndi zimene zimandipweteka kwambiri.

Ine ndinkafuna kukalipa, amayi ananditsina. Anakhala pakati pa amayi olira, mtolo uli pamiyendo. Mayi wina wa gulu lophika anamva fungo, n'kufunsa chomwe chinali m'chitenjemo. Atamasula anauza azakhali, ndipo iwo anagwedeza mutu.

"Mwachita bwino, mlamu. Nkhumba ya anthu okumba manda ilibe chokometsera."

Amayi anauyang'ana mtolowo kwa kanthawi, kenako anaupereka ndi manja awiri. Madzulo ake fungo la adyo wokazinga m'mafuta a nkhumba linadzaza bwalo lonse, ndipo adzukulu okumba manda anayamikira kuti ndiwo zakoma. Amayi sanadye, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanabzalenso adyo mpaka imfa yawo.