Kachitsulo ka ku Nyumba ya Nyale

Nthawi ya nkhondo tinkakhala m'komboni ya mgodi ku Kwekwe. Amuna anga anaberedwa jekete m'basi, chitupa chili m'thumba. Asanapeze china, asilikali anawagwira pamsewu akuchokera kukazonda wodwala ku Gaika. Mayi wina woyandikana nafe ndiye anadzandiuza kuti ali ku kampu ya apolisi, ndiponso kuti opanda zitupa akuwabweza ku Malawi. Ife tili ndi ana asanu, nyumba ndi ya mgodi. Tikanalowera kuti?

Ndinapemphera, n'kubereka wamng'ono, ulendo. Wapolisi anandifunsa dzina lawo. Inetu chikwatiwire ndinali ndisanalitchulepo, kwathu mkazi satero. Ndinalitchula chonong'ona, maso pansi. Iye anati munthu wotero mulibe, ndipo mayina athu a anthu a ku Malawi amangofanana.

"Amai, muno munthu ndi nambala. Bwerani ndi nambala yake."

Sindinalire ayi. Ndinalunjika ku nyumba ya nyale, kumene anthu ogwira ntchito pansi mumgodi amatengako nyale asanatsike. Kumeneko aliyense anali ndi kachitsulo kake kozungulira, kodindidwa nambala, kopachikidwa pa msomali. Woyang'anira anali mkulu wina wa kwathu ku Dedza. Nditamufotokozera anaseka mpaka kutsokomola.

"Mlamu, dzina la kumudzilo alidziwa ndani kuno? Amuna anuwo analowa dziko lino ndi chitupa cha amalume awo. Pamgodi pano dzina lawo ndi la amalumewo."

Ambiri ankatero masiku amenewo, kungoti ine sindinauzidwepo. Mkuluyo anandilongosolera kuti nambala imeneyi ndi yomwe ili kuchipatala, ku ofesi ya msonkho ndi ku komboni komwe, ndipo siisintha ngakhale munthu asinthe dzina. Anakapempha kalaliki, kalaliki n'kulola kuti ndikatenge kachitsuloko, bola kabwere shifiti ya mawa isanayambe.

Ndinakafumbata njira yonse, ndikuloweza manambalawo ngati vesi. Pofika ku kampu ndinawatchula mokweza ndisanatambasule dzanja. Apolisi anaimbira lamya ku mgodi, kenaka wina anafuula nambalayo kubwalo la kuseri. Ndinaona amuna anga akudzuka pakati pa anthu, fumbi lili mbuu.

Ambuye ndi abwino. Atawamasula, amuna anga anayamba apita kukapachika kachitsuloko pa msomali wake, ine ndinatsogola kukateleka madzi osamba. M'mawa mwake anatsika pansi monga mwa masiku onse.