Masese a Exildah

Exildah anakwatiwa ndi ba Gabson akadali mtsikana, m'mudzi wina kuseri kwa Chinyunyu, ndipo pasanathe mwezi nkhumba za pakhomopo zinali zitadziwa mawu ake. Nkhumbazo zinali za ba Gabson. Koma wozitungira madzi, wozipetera gaga, wozichotsa matekenya ndi womanganso khola mvula ikaligwetsa anali Exildah. Chimbudzi cha pakhomopo anakumba yekha ndi khasu lakutha, mwana ali kumsana. Nyengo yolima ikafika ankafulula mowa woti amwe odzathandiza kumunda, ndipo masese otsala mumgolo ankathira nkhumba. Akazi onse m'mudzimo ankatero.

Ba Gabson paunyamata wawo ankayenda ndi malole ogula nkhumba ku Katete ndi ku Petauke. Kumeneko anatengako chizolowezi chootcha nyama pang'ono chabe, n'kuidya ikadali yofiira mkati. Chimbudzi sankachikonda, ndipo mwana wawo Abel atabweretsa mkazi, Marjory, anasiyiratu kulowamo. Bambo wamkulu sangakhale pomwe wakhala mpongozi wake, kapena kuonedwa naye akutulukamo. Mmawa uliwonse ankalowera kutchire kuseri kwa nkhokwe, ndipo nkhumba, zomwe m'chilimwe zinkangoyendayenda, zinkawatsatira.

Chaka chimene Rufunsa inapatulidwa ku Chongwe n'kukhala boma palokha, kunabwera wogula nkhumba wochokera ku Lusaka. Anagwetsa yoyamba, n'kuikanula kukamwa ndi ndodo, n'kukoka lilime. Pansi pake panali timatuza toyera tonga mpunga. Anayesa yachiwiri, yachitatu, mpaka yachisanu. Anapukuta manja pa buluku n'kunena mawu amodzi okha, akuti masese, n'kubwerera kulole.

Kumeneko timatuza ta m'nyama ya nkhumba timatchedwa masese, dzina limodzi ndi zotsala za mowa. Ndiye nkhani inalibe povuta. Nkhumba yadya masese, yabala masese. Wothira masese ankadziwika.

Ba Gabson anapha nkhumba imodzi tsiku lomwelo, n'kuitana anzawo. Anamukhazika Exildah pakati pa bwalo, n'kumupatsa beseni la nyama ndi lezala.

"Chotsa masese ako. Limodzi limodzi."

Anatola kuyambira masana mpaka dzuwa litapendeka. Amunawo ankaotcha zomwe wamaliza, akumufunsa moseka ngati nkhumbazo ankazipatsanso chikho chomwera. Zala zake zinatupa. Nyamayo sanalaweko.

Patapita miyezi iwiri Exildah anagwa khunyu koyamba. Anali akusonkhezera moto pansi pa mgolo wa madzi, ndipo mkono wake wamanzere unagwera pa makala. Pabwalo panali anthu anayi. Palibe anamugwira, poti amati thovu la wakhunyu likakukhudza nawenso uyamba kugwa. Marjory ndiye anamukoka ndi nsonga ya chitenje, mkono utapsa kale mpaka pachigongono. Kuyambira pamenepo Exildah anapatsidwa mbale yakeyake ndi kapu yakeyake, ndipo adzukulu analetsedwa kukhala pamiyendo pake. Ntchito yokha sinachepe. Anaphunzira kunyamula ndowa ndi mkono umodzi.

Chaka chotsatira ba Oswell, woona za ziweto m'boma latsopanolo, anafika ndi anthu ofufuza. Ankatenga timatuza m'nyama za nkhumba zophedwa, ndipo khomo lililonse anasiyapo timabotolo toti munthu aliyense aikemo chimbudzi chake. Ba Gabson anatukwana, koma anadzaza kawo poopa kutchulidwa pamsonkhano, n'kukasiya paudzu. Wokatola, wokapukuta ndi woyenda nako wapansi mpaka kumsewu waukulu anali Exildah.

Mayankho anabwera chimanga chitakololedwa. Pamsonkhano ba Oswell anayamba ndi kunena kuti nkhumba zambiri za kuno zili ndi masese. Anthu anagwedeza mitu, akazi n'kucheukira Exildah. Zotsatirazo, zoti timatuzato ndi ana a njoka ya m'mimba mwa munthu, ndi zoti nkhumba imawatenga kutchire osati kumgolo, zinamira m'phokoso. Mawu omwe anthu anabwerera nawo kunyumba anali oyambawo.

Msonkhano utatha, ba Oswell anadzera pakhomo n'kuitanira ba Gabson kuseri kwa nkhokwe. Sanadziwe kuti mbali inayo kunali Exildah akutong'ola chimanga. Anafotokoza motsitsa mawu kuti njokazi nazonso zili ndi mafuko ngati anthu, ndipo ofufuzawo amatha kuwasiyanitsa ndi makina awo. Za m'nkhumba za ku Mpanshya ndi ku Shikabeta zinafanana. Za m'nkhumba za pakhomo pano zinasiyana nazo pang'ono, ndipo fuko limenelo linapezekanso m'kabotolo kamodzi kokha m'mudzi wonse.

"Ndi kanu, ba Gabson. Kapepala aka mupite nako kuchipatala, mankhwala alipo. Mutengenso amayi akawaone. Mazira a njokayi akalowa mwa munthu amatha kufika kumutu."

Exildah anasiya kutong'ola. Kwa zaka zoposa makumi awiri ankachapa mabuluku a mwamuna wake, ndipo kangapo pamwezi ankapezamo tizidutswa toyera, taphwatalala ngati nthanga za dzungu, tina tikuyendabe. Ankatikutumula ndi zala n'kupitiriza kuchapa. Sanauzepo munthu, chifukwa mkazi sanena za m'buluku la mwamuna wake.

Njinga yamoto itachoka, anapita kukagwada pomwe anakhala ba Gabson, n'kuwaitana ndi dzina la mwana wawo.

"Ba shi Abel, ndamva. Tiyeni tonse kuchipatala ku Mpanshya. Palibe adzadziwe."

Ba Gabson anatulutsa kapepala kaja, n'kukang'amba pakati, n'kuthirapo fodya, n'kupichira bwinobwino.

"Wamva chiyani? Munthu wogwa amamva zambiri."

Lamlungu lotsatira anaitana abale. Anawauza kuti a ku Lusaka atsimikiza ndi makina awo, ndipo onse anamva okha pamsonkhano: ndi masese. Mkazi uyu wawononga ziweto, tsopano akudwala nthenda yoti ipatsira adzukulu. Exildah anayesa kutchula za kabotolo. Mlamu wake wina anamudula, akuti taonani wayamba kubwebweta, musunthe ana angagwe pompano. Abel anangoyang'ana pansi.

Anamutumiza kwa mchimwene wake ku Shikabeta ndi chikwama chimodzi, mbale ija ndi kapu ija zili pamwamba. Asananyamuke anamuonetsa Marjory pomwe amasunga gaga, n'kumunong'oneza kuti nkhumba azizitsekera m'khola mpaka apongozi ake atabwerako kutchire. Marjory anayesa masiku atatu. Lachinayi ba Gabson anatsegula okha khola, akuti nkhumba yotsekeredwa imatha gaga.

Ku Shikabeta Exildah anagona m'kanyumba kosungiramo makasu. Ankatungira madzi mlamu wake, kupalira, kusenda nyemba, koma kuphika ankamuletsa. Anali ndi chinthu chimodzi chomwe ankadikira. Pakhomo paja mowa sunafululidwenso chichokereni iye. Masese akadzaonekanso m'malilime popanda mgolo, anthu adzaona okha, ndipo Abel adzabwera ndi njinga kudzamutenga.

Abel anabweradi, mvula yachiwiri itatha. Anakhala patali pang'ono ndi mayi ake, pa chitsa. Anati nkhumba zatsopano zinayi zonse zapezeka ndi masese.

Exildah anayamba kumasula mfundo ya chitenje kuti amangenso bwino, akuganiza za ulendo.

Abel anapitiriza, maso ali kumapazi. Atate akuti amayi munasiya chinthu m'khola pochoka. Afukula pansi ponse osachipeza, ndiye andituma ndidzafunse pomwe munakwirira. Marjory ndiye watola nyama dzulo lonse, zala zatupa.

Exildah anamangitsa chitenje chija. Anafunsa ngati Marjory ali bwino m'mutu, ngati sanayambe kuona chizungulire. Abel anati nthawi zina amadandaula mutu, koma ndi dzuwa.

Mlamu wa Exildah uja anaitana kuchokera kukhitchini kuti madzi atha. Exildah anakoleka ndowa pa mkono wabwinowo n'kutsikira kuchitsime.