Supuni ya Kodini

Amuna anga anali aphunzitsi, ndipo ngakhale chifuwa chawo chinali chauphunzitsi: chikayamba, mudzi wonse umamvetsera. Atapuma ntchito, m'zaka za m'ma 1980, tinakhazikika kwathu ku Mtakataka awiriwiri, ana ali m'tauni. Ankatsokomola mpaka nkhuku kubalalika pakhonde. Anthu ankabwera kudzazonda osaitanidwa. Amayi a mphakati wa kutchalitchi ankafika Lachinayi ndi makorona awo, asodzi anzawo a bawo ankabweretsa usipa. Ine wopusa ndinkadandaula kuti mikeka yanga ikutha.

Kuchipatala ku Mua asisitere anandikokera pambali n'kundipatsa botolo lofiirira.

"Mankhwala awa ndi kodini, mayi. Amachokera ku utomoni wa duwa lina lakunja. Amagonetsa chifuwa ndi ululu, koma nthenda ya m'mapapoyi sachiza, ndipo palibe amene angachize. Supuni imodzi basi, osawonjezera, amazoloweretsa. Akadzimbidwa muwapatse papaya."

Pobwerera bambo anandiuza kuti, "Mayi, zimene mwamvazo zikhale zanu. Sindifuna kuliridwa ndili moyo." Ndinalonjeza.

Mankhwala anagwiradi. Patapita masiku atatu nyumba inangoti zii. Tsono kwathu kuno matenda timawamvera pampanda, chifuwa chikaleka ndiye kuti munthu wachira. Kuchitsime ankandiombera m'manja: "Mulungu ngwamkulu, aphunzitsi achira!" Ine n'kumayankha zikomo, mtima ukuwawa. A mphakati anasamukira kwa wodwala wina. A bawo anati awadikirira pansi pa mtengo wa mango. Mikeka ija ndinaipinda, ndipo sindinasungulumwepo choncho chibadwire.

Botololo ndinadana nalo. Lachinayi lina ndinachita dala kuiwala supuni, kuti mwina anthu amve abwere. Bambo anatsokomola kawiri, atagwira nthiti, akungondiyang'ana. Ndinathamanga kukatenga mankhwalawo, manyazi atandigwira, ndipo sindinabwerezenso.

Masana ena ndinali panja kupeta mpunga. Kale chifuwa chija ndicho chinkandiuza kuti mnzanga alipo, ndinkagwira ntchito khutu lili kunyumba. Tsiku limenelo ndinapeta malichero atatu, n'kusankha timiyala bwinobwino, m'nyumba muli chete yemwe uja wa masiku onse. Nditalowa ndi madzi akumwa ndinapeza dzanja lawo litazizira kale. Mpaka lero sindidziwa kuti anapita ndili pa lichero lachingati.

Ndinatuluka ndikulira mokuwa. Mayi woyandikana nafe anasuzumira pampanda, nkhuni zili pamutu, n'kufunsa kuti, "Pepani mayi, wamwalira ndani?"