Tsamba Langa Linanyowetsa Fodya wa Apongozi

Inu owerenga, ndinaononga fodya wa anthu chifukwa chofuna kupambana mkangano, ndipo mpaka lero mtima sukhala m'malo.

Ndimapanga masamba a pa intaneti kuno ku Kasungu. Kalabu ya alimi a fodya ya ku Lisasadzi, komwe ndinakwatira, inatipempha ine ndi mnzanga Yusufu kuti tiwapangire tsamba loikapo zidziwitso. Tisanayambe n'komwe, tinasemphana.

Nkhani yake inali ya bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba pafoni. Kodi ikapeza cholakwika m'kalembedwe ka tsamba, izichita chiyani? Akatswiri akhala akukangana za zimenezi. Ena amati izikhululuka, ionetse zomwe ingathe. Ena amati izikaniratu, kuti olemba aphunzire kusamala. Ine ndinali wa okanawo. Ndinkawerenga mikangano yawoyo pa minibasi, pakudya, ngakhale kuseri kwa tchalitchi, ndikuyankha anthu oti sindinawaonepo.

Yusufu anandiuza kuti, "Achimwene, mlimi safuna kulangidwa, akufuna kudziwa tsiku la lole yonyamula fodya." Ndinamunena kuti ndi waulesi. Anangotola laputopu yake n'kundisiyira ntchitoyo, ndipo ndinaipanga mwa njira yanga yokhwimayo, yoti tsamba likakhala ndi cholakwika lisatseguke.

Nyengo yogulitsa itafika, tsiku loti lole idzanyamule mabelo linasintha. Mlembi wa kalabu, Mayi Nabanda, analemba uthengawo bwinobwino, koma potchula dzina la kampani ya loleyo anaikamo kachizindikiro ka &, komwe malamulo a tsambalo sankakalola. Kameneko kokha! Tsamba lonse linakana kutseguka. Alimi poona mawu ofiira a Chingerezi anangoti ndi netiweki. Ine, mwini malamulo okhwimawo, ndinali ndisanaike chotchinga cholakwika chotere, ndipo sindinayang'anenso tsambalo. Ndinali kalikiliki kutsutsana ndi munthu wa kunja.

Pa tsiku lakale lija anthu anatulutsa mabelo pangolo kukawaunjika kumsewu. Lole sinabwere. Chinabwera ndi chimvula chomwe palibe ankachiyembekezera. Mabelo ambiri ananyowa n'kuchita chuku, ena mwa iwo a apongozi anga aamuna.

Nditapita kukapepesa, ndinayamba kufotokoza za malamulo a kalembedwe. Iwo anandidula mofatsa. "Mkamwini, ndiye kuti makina anuwo uthenga anali nawo, koma anatibisira?"

Tsambalo ndinalikonza masana omwewo, sizinatenge nthawi. Koma alimi salitsegulanso, anabwerera koitanizana pamsonkhano. Mkazi wanga akamapita kwawo ndimapeza chonamizira. Yusufu timapatsana moni pamsika, basi.

Anzanga opanga zinthu za pa intaneti, malamulo ndi abwino, atsateni. Koma musanalimbe mtima pa mkangano, dzifunseni kuti chinthucho chikakana, adzavutike ndani. Amene ndinkakangana nawo aja sadziwa ngakhale kuti Lisasadzi ili kuti. Apongozi anga ndiwo anagwada kumsewu kumasula belo limodzilimodzi, kufunafuna masamba ouma.