Ndowa Pansi pa Mwezi

Ndowa yobooka ija ndikadali nayo, ndimabzalamo tsabola. Chaka chimene mgodi wa malasha unatisamutsira ku Mualadze, mvula inakana. Akuluakulu ankati mwezi wagona chagada, ukuumira madzi, ndiye kuti dziko latembenuka.

Tsiku lina dzuwa litangolowa, bambo analoza mwezi watsopano nati, "Taonani, wapendekeka! Ukhuthula madzi. Mawa tibzala."

Ine ndinathamanga kukatchera ndowa pansi pake penipeni. M'mawa ndinapezamo fumbi lokhalokha.

"Ndinaika molakwika, ababa?" ndinafunsa ndikulira.

"Iyayi mwanawe. Tenga khasu."

Tinabzala m'dothi lotentha lomwelo, katatu konse. Lero ndikudziwa kuti bambo sankadalira mwezi. Ankangokana kuti tife titakhala pansi.