Kamwala M'nsapato Yakumanzere

Chaka chimene ndinasiya kukwera kabaza ndinkagwira ntchito ya ulonda wa masana pageti la kampani ina yosunga katundu, pafupi ndi bwalo la ndege ku Chileka. Pasaka atayandikira, akhristu a kwawo kwa akazi anga ku Lirangwe anakonza ulendo wapansi wopita kuphiri la Michiru kukachita njira ya mtanda. Ine ndinapita nawo chifukwa akazi anga anandilembetsa osandifunsa.

Tinayenda masiku awiri. Loyambalo ndinalithera podandaula: nsapato zinkandiluma, ndipo mayi wotsogolera nyimbo ankadziwa nyimbo zitatu zokha. Koma m'mawa wa tsiku lachiwiri, titachoka ku Lunzu kumene tinagona, tikudutsa pakati pa minda ya chimanga chokhwima, matuza akuphazi ataphulika, m'mutu mwanga munangoti zii. Phokoso lonse limene ndimayenda nalo, za abwana, za feteleza, za denga lodontha, linatha ngati wina wathimitsa wayilesi. Ndinangozindikira kuti ndawakhululukira ngakhale alamu anga, achimwene a akazi anga, amene anadula mtengo wa mango umene ndinabzala ndili pa chikamwini ku Lirangwe. Zaka zisanu ndi ziwiri tinkangopatsana moni wa pamaliro. Ndinakwera phiri lonse ndikulira, anzanga nkumayesa kuti ndi mapazi.

Kunyumba mtendere uja unakhala masiku atatu. Tsiku lachinayi mbuzi ya aneba inadya nyemba zimene tinayanika pakhomo, ndipo mawu amene ndinaitukwana nawo sanali a munthu wochokera kuphiri. Ndinamva chinthu chija chikuchucha mwa ine ngati madzi m'ndowa yobooka, ndipo ndinachita mantha.

Nditaganiza mozama, ndinaona kuti chinalowera kumapazi, choncho ndi kumapazi komweko ndiyenera kuchisunga. Ndinayamba kupita kuntchito wapansi, ulendo wa ola limodzi ndi theka, nditanyamula ndodo yanga ya paulendo, ndipo ndinalumbira kuti ndisalankhule ndi munthu m'njira. Vuto linali lakuti matuza anali atapola, ndipo kuyenda kopanda ululu sikunkabweretsa kanthu. Ndiye ndinatola kamwala kofanana ndi njere ya nandolo nkukaika m'nsapato yakumanzere. Akazi anga ankakataya akamapukuta nsapatozo, ine nkumatola kena.

Woyamba kusokonezeka anali bambo wa kabaza amene anandinyamula m'mawa uliwonse kwa zaka zinayi, munthu wamkulu wa ana asanu. Ataona ndikumudutsa pasiteji osamuyang'ana, ananditsatira akukankha njinga, nkumandifunsa chimene wandilakwira. Anapepesa za tsiku limene tinagwa m'matope, anapepesanso za belu losalira. Ine pakamwa ndinali nditatseka. Anandiperekeza mpaka pageti. Mawa lake anabweranso.

Mayi wina wogulitsa mandasi, amene njira yake inali yomweyo, atationa awiri tikuyenda chete, mmodzi akutsimphina ndi ndodo, wina akukankha njinga yabwinobwino, anamufunsa wa kabaza kuti kwagwanji. Iye, posafuna kuvomera kuti wathawidwa ndi kasitomala, anayankha kuti bambowa anaona zinthu kuphiri. Mayiyo anasiya kuitanira malonda nkumayenda kumbuyo kwathu, beseni lili pamutu.

Pakutha pa sabata ziwiri ndinkatsogolera anthu oposa khumi. Sindinkacheuka, koma ndinkamva mapazi awo, ndipo ndinazindikira kuti onse akutsimphina mwendo wakumanzere. Wa kabaza anali atandiona ndikukutumula nsapato pageti, ndipo chinsinsi chinafalikira. Agogo ena anati bondo lawo lapola. Mphunzitsi wina wopuma ntchito ankalemba m'kope nthawi imene ndaima kukodza, nkumafunsa anzake tanthauzo lake. Abwana anga anatulukira m'ofesi tsiku lina nkundifunsa ngati ndayambitsa sitiraka. Nditawafotokozera, anati gululo lizithera pa mtengo wa bulugama, lisamafike pageti, likuopseza madalaivala.

Mtendere uja, pa nthawi yonseyi, sunabwereko olo kamodzi. M'mutu munadzaza zina: ngati ndikutsimphina mokwanira, ngati anthuwa akuona chigamba cha kumbuyo kwa thalauza langa.

Lachisanu lina akazi anga akuthira mchere m'madzi oti ndiviike phazi, anandifunsa kuti kodi kwenikweni ndinamva chiyani kuphiriko. Ndinawauza zonse, mpaka za achimwene awo.

"Ndiye munawauza eni akewo kuti munawakhululukira?" anatero.

Ndinati ayi, zinali za mumtima.

"Mwauza Chileka yonse ndi phazi, iwo okha ndiwo sakudziwa. Poti mumakonda kuyenda, ku Lirangwe msewu ulipo."

Loweruka ndinanyamuka kutangocha. Anthu asanu ndi mmodzi amene anamva anabwera nane. Dzuwa litakwera anayamba kutsalira mmodzimmodzi, ndipo otsiriza awiri anakwera minibasi pa Lunzu, atandigwira chanza mwaulemu. Wa kabaza sanabwere. Anati Loweruka ndi tsiku la msika.

Ndinafika ku Lirangwe dzuwa litapendeka, phazi litatupa ngati chinangwa. Pakhomo pa alamu ndinapeza akazi awo akusenda maungu. Anandipatsa mpando ndi madzi, nkundiuza kuti bambo kulibe. Anyamuka m'mawa pa minibasi kupita ku Chileka, chifukwa amva kuti kwabuka mneneri wosalankhula wochiza miyendo, ndipo iwo msana ukuwavuta. Anandifunsa ngati ndinamuonapo, poti ndimakhala komweko. Ndinati ndimamuona nthawi zina. Kenako ndinapempha mpeni nkuwathandiza kusenda.

Alamu anatulukira chakumadzulo, akutsimphina mwendo wakumanzere. Atandiona anaima, nkuvula chipewa, nkuchivalanso. Anakhala pa njerwa moyang'anana nane nkufotokoza, akuyang'ana kwa akazi awo, kuti pasiteji ya ku Chileka bambo wina wa kabaza anawapatsa kamwala, nkuwanyamula mpaka kunyumba kwa mneneriyo. Atatsika anapeza kuti ndi pakhomo pa mchemwali wawo, amene anaseka mpaka kukhala pansi, kenako nkuwaphikira tiyi.

Kenako ndinakonza kukhosi nkunena mawu amene ndinakhala ndikuwayeserera njira yonse, kuti nkhani ya mtengo wa mango ija ndinaitaya, ndilibenso nawo chifukwa.

"Mtengo wake uti, alamu?" anafunsa.

Ndinaloza chitsa chimene chinali kuseri kwa khola. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anati mtengowo unadyedwa ndi chiswe, unagwa wokha nthawi ya mvula, iwo anangodula nthambi kuti atsegule njira. Zoti sitikulankhulana anazionadi, koma ankaganiza kuti ndi mmene amakhalira anthu ogwira ntchito kufupi ndi ndege. Anandipempha ndiwagwire msana, poti afika kale potero. Ndinawauza kuti sindine mneneri. Anati akudziwa, amandidziwa bwino, koma ndiwagwirebe. Ndinawagwira. Tonse awiri tinavula nsapato nkukutumula, akazi awo akutiyang'ana.

Ndinagona komweko, ndipo Lamulungu titatuluka m'tchalitchi alamu anandikweza minibasi ndi dzungu limodzi. Tisanafike pa Lunzu, pachitunda, injini inazima. Kondakitala anali wa ku Chileka ndipo anandizindikira. Analengeza kuti anthu asade nkhawa, m'galimoto muli munthu wa Mulungu, nkundipempha ndipempherere injini. Kukana kunali kovuta, chifukwa amayi ena anali atatseka kale maso. Ndinaika dzanja pa dashibodi nkupemphera mwachidule. Dalaivala anapotokola kiyi. Palibe chinachitika.

Amuna tonse tinatsika kukakankha. Ndinali pakati pa bambo wina wonunkha usipa ndi wina wovala suti ya ukwati, tonse mapewa pagalimoto, kondakitala akuwerenga kuti tikankhire pamodzi. Penapake pachitundapo, thukuta likulowa m'maso, chinthu chija chinabwera, chonse, monga mmene chinalili m'minda muja. Chinakhala mwina mphindi imodzi. Kenako injini inatsokomola, inatiphulitsira utsi wakuda kumaso, ndipo tinayamba kuithamangira minibasiyo, chifukwa dalaivala ankaopa kuima.