Kiyi Anapita ndi Suti

Amuna anga ankatsuka magalimoto pa galaja ina kumpoto kwa Dublin, m'zaka zija kunkamangidwa nyumba paliponse. Galajayo inkagulitsa mtundu umodzi wokha wa galimoto, wochokera ku dziko lina lozizira kuposa kuno. Iwonso anagula yakale ya mtundu womwewo, yobiriwira. Madzulo ankadandaula kuti kampani yopanga magalimotowo inagulidwa ndi ina yaikulu ya kutsidya kwa nyanja, ndipo eni atsopanowo ankangotenga galimoto zawo zotchipa n'kumatapo chizindikiro cha iyi. Ine ndinkangoti eya, uku ndikusita yunifolomu ya kuchipatala kumene ndinkakolopa.

Atamwalira, a kumpingo anasonkha kuti thupi lipite kumudzi. Ndinapereka suti imene anavala Lamlungu lomaliza. Mtima wopisa m'matumba ndinalibe. Nditabwerako kumaliro m'pamene ndinazindikira kuti kiyi wa galimoto, mmodzi yekhayo, anatsalira m'jekete.

Nthawi imeneyo mafulati athu osanjikizana a ku Ballymun, konko kumpoto kwa Dublin, anali pafupi kugwetsedwa. Anatiuza kuti galimoto iliyonse yotsala pabwalo idzatengedwa kukaphwanyidwa. Sindidziwa kuyendetsa, koma sindinafune kuti chinthu cha amuna anga achifinye ngati chitini.

Ndinapita kugalaja. Bwana wa amuna anga, bambo wachikulire wa konkuno, anandipatsa mpando ndi tiyi. Anati kiyi wa mtunduwu ali ndi kanthu mkati kamene kamayenera kudziwana ndi galimoto yake.

"Kale ndikanakupangirani lero lomwe, mayi. Koma eni atsopanowa anatilanda makinawo. Zonse zizidzera ku ofesi yawo, kunja."

"Kiyi yemweyu mpaka kunja?"

"Ngakhale babu, mayi."

Analemba pempho, ine n'kumadikira. Nditapitanso ndinapeza chizindikiro chachotsedwa pakhoma, pabwalo pali magalimoto ena, bambo aja kulibe. Eni kampani anali atasamutsira mtunduwo ku galaja ina, mbali ina ya mzinda. Ndinajomba kuntchito, n'kukwera mabasi mpaka kumeneko. Mtsikana wa pakauntala anadina kompyuta kwa nthawi yaitali, kenako anati galimoto zakale sanazilowetse m'kompyuta yatsopano.

"Ndiye kuti galimotoyo kulibe," anatero.

"Mwana wanga, ndimaiona pawindo m'mawa uliwonse."

Anapepesa. Onse ankapepesa. Wolakwa anali kutali, munthu wosaoneka nkhope, woti sungamupitire pakhomo n'kumufunsa kuti unagulira chiyani mbuzi imene sukufuna kuidyetsa.

Bambo ena a ku Zambia a kumpingo kwathu atamva, anaseka. "Amai, osavutika. Ku Lusaka izi timangogwirizanitsa mawaya." Anabwera Loweruka ndi waya wopachikira zovala. Chitseko chinatseguka ndithu, koma galimoto inalira ngati yalumidwa, fulati yonse n'kusuzumira pamawindo. Mayi wina anakuwa kuchokera pamwamba kuti ngati tikuba tibe mwakachetechete, mwana wake wagona. Injini ndiye sinatsokomole n'komwe. Abambowo anachotsa batire kuti phokoso lithe, n'kupukuta manja.

"Iyi ni yokhulupirika, amai. Ifuna mwine wake."

Masiku osamuka atayandikira, bwana wa galaja uja anandipeza. Nayenso ntchito inali itatha, tsopano ankakonza magalimoto kuseri kwa nyumba yake. Anati anthu ambiri okhala ndi mtunduwu akusowa zipangizo chifukwa kampani sikutumiza, ndiye ngati ndilola, atenge galimoto ya amuna anga, ikapulumutse zinzake. Ndinaganiza kwa nthawi. Kwathu katundu wa malemu amagawidwa kuti ena agwiritse ntchito. Ndinavomera. Anaikoka ndi lole, ndipo pambuyo pake anandiuza kuti zitseko zinapita kwa namwino wa ku Crumlin, nyali kwa mphunzitsi wina.

Nditakhazikika m'nyumba yatsopano, foni inalira ndikuchapa. Anali mtsikana wa pakauntala uja, mawu ali myaa.

"Nkhani yabwino, mayi! Kiyi wanu wafika. Mubwere ndi galimotoyo kuti tidzamulumikize."

Ndinamufunsa kuti ndibweretse mbali iti, chitseko kapena nyali. Sanamvetse. Ndinati amubwezere kwa eni ake kutsidya kwa nyanjako, akatsegulire chimene akufuna, ndipo ndinapitiriza kuchapa.